Mtsuko wa Malume ndi Mbale ya Amanaz

Malume atatisiya, akuluakulu adakhala pansi kugawa katundu, ndipo ine, mwana wa mlongo wawo, adandikankhira bokosi lachitsulo lomwe lidakhala zaka zambiri kunsi kwa bedi. Ife Akunda timatsata kuchikazi, ndiye palibe adadabwa. Njinga idapita kwina, makasu kwina, ine ndidasenza bokosi. M'katimo mudali mbale za galamafoni zoposa 40, zina zili m'zikuto zodyedwa ndi chiswe m'mphepete, zina zongokulungidwa m'chitenje chakale. Zonsezi adabwera nazo kuchokera ku Kitwe, kumene adagwira ntchito ya pamgodi m'zaka za m'ma 1970, asanabwerere kuno kwa mfumu Malama kudzalima mapira ndi kugona m'munda kupirikitsa njovu.

Kwathu kuno si malo osungirako mbale. Mu Okutobala, mitsanya itayoyola masamba, kutentha m'chigwa cha Luangwa kumapitirira madigiri 40, ndipo m'nyumba ya malata ndiye musanene. Mbale ikatsamira mopendama, kapena dzuwa likaipeza pazenera, imapindika ngati chikumba chouma, osawongokanso. Dzinja likafika, mtsinje wa Lusangazi utadzaza ndipo msewu wa ku Mfuwe utasanduka phala, chinyezi chimalowa m'zikuto, chuku n'kumera m'timizere. Malume ankazidziwa zimenezi. Mbale zawo adaziimika chilili, zothinana ngati mabuku, bokosi lili pansi pozizira. Zitatu zokha ndi zomwe ndidazipeza zitapindika.

Kalizidwe kake ndi komwe ndiyenera kuyamba kufotokoza, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Malume adali ndi gumbagumba ya Supersonic yoyendera mabatire. Sipika adaichotsa m'malo mwake, nalumikiza waya wautali, naikhazika chagada pakamwa pa mtsuko waukulu wofululira mowa, m'mphepete atamata phula la njuchi. Midzi yambiri inkachita chomwecho, ndipo nzeruyo ili ndi mutu. Pepala la sipika likamanjenjemera limakankha mpweya kutsogolo uku likuukoka kumbuyo. Popanda chotchinga, mawu a pansi, a besi ndi ng'oma yaikulu, amadyana okhaokha, n'kutsala kaphokoso kowonda. Mtsuko umatsekera mawu a kumbuyowo kuti asakumane ndi anzawo. Koma nawo mtsuko uli ndi liwu lake. Aliyense amene adafuulapo m'mtsuko ali mwana akudziwa kuti mimba yake imakweza mawu ena ndi kuwasunga kanthawi isanawataye. Loweruka usiku, besi ya gulu la Ngozi Family inkamveka mpaka kudimba.

Singano ikayamba kulumpha, malume ankaika kandalama ka 5 ngwee pamutu pa mkono wake kuti ikanikize. Mabatire akatopa, mbale inkazungulira mwaulesi, liwu la Jagari, woimba wa gulu la WITCH, n'kukula ngati la nkhalamba, nyimbo n'kumakoka miyendo, ndipo m'mawa mwake tinkawayanika padzuwa kuti atipatseko nyimbo zina ziwiri. Khutu langa lidakulira pamenepo. Chimene ndinkachitcha kukoma kwa mbale chidali msakanizo wa oimba, dongo, kandalama ndi mabatire otopa, ndipo padapita zaka zambiri ndisanathe kuzilekanitsa.

Zambiri m'bokosimo ndi za nyimbo zomwe tsopano dziko lonse limazitcha Zamrock: Lazy Bones!! ya WITCH ya 1975, Day of Judgement ndi 45,000 Volts za Paul Ngozi ndi Ngozi Family, komanso Africa ya Amanaz. Masiku amenewo Pulezidenti Kaunda adalamula kuti wailesi ya boma izidzaza ndi nyimbo za kwathu, Edward Khuzwayo wa Zambia Music Parlour ankasaka magulu a anyamata n'kuwatulutsira zimbale, ndipo ku Ndola kudali makina a Teal odindira mbale. Munthu wa pamgodi akalandira pamwezi ankagula nyimbo yoimbidwa ndi kudindidwa m'dziko lake lomwe. Sizidakhalitse. Mtengo wa kopa udagwa, makaseti adafika, imfa idakolola oimba ambiri a m'badwo umenewo. Paul Ngozi adapita mu 1989. Mbale zidatsala m'mabokosi ngati la malume, mpaka osonkhanitsa a kunja adayamba kuzisaka ndi ndalama zambiri, ndipo kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles idayamba kuzidindanso. Mkangano wa osonkhanitsa udabadwira pomwepo: ikoma ndi iti, yakale yoyambirira kapena yodindidwa kumene?

Ine ndinkayankha ndisanaganize: yakale. Adandisintha maganizo ndi a Amanaz.

Chimbale cha Africa adachijambulira ku Malachite Film Studios ku Chingola, n'kutuluka mu 1975. Chodabwitsa chake n'choti chidatuluka m'mitundu iwiri. Nyimbo ndi zomwezo, oimba ndi omwewo, Keith Kabwe, Isaac Mpofu, John Kanyepa ndi anzawo, koma kasakanizidwe ka mawu n'kosiyana. Mtundu umodzi ndi wouma: ng'oma ndi liwu la woimba zili pafupi, ngati gulu lakhala pakhonde panu. Mtundu wina adauthira reverb, mawu aja obwerera ngati munthu akuimbira m'phanga, ndipo magitala okalipa ndi amene atsogola. Podindanso chimbalechi mu 2015, a Now-Again adaika mitundu yonse iwiri m'chikuto chimodzi.

Mnzanga wina ku Lusaka ali nacho chatsopanocho, ndi makina abwino olizira. Ndidanyamula mbale ya malume pakati pa makatoni awiri, ndikuifungata pamiyendo ulendo wonse wodzera ku Chipata, mtima uli phee kuti yanga ndi ya m'phanga ija. Ndinkaikumbukira bwino: "Khala My Friend" ikuyandama usiku pabwalo, liwu likuchokera kutali. Mnzangayo adaipukuta, naitsitsira singano. Tidamvera mphindi imodzi. Adachotsa, naika yatsopano ya reverb, kenaka yatsopano youma, kenaka yanga kachiwiri.

"Achimwene," adatero, "yanuyi ndi youma."

Sadaname. Ng'oma zidali pafupi, liwu lili pamaso panga, phanga kulibe. Phanga lomwe ndidalisunga m'mutu zaka zonsezo lidali mimba ya mtsuko wa malume. Ndidakhala chete nthawi yaitali, chifukwa ndidazindikira kuti nyimbo imene ndidakulira sidajambulidwe konse ku Chingola. Idamalizidwira kwa Malama, ndi mayi wina woumba mbiya amene sadaonepo situdiyo.

Tsiku limenelo tidamvera mitundu yonse mpaka usiku, ndipo ndili ndi maganizo anga. Pa nyimbo zofatsa, wouma ndiwo umandigwira mtima: mumamva mpweya wa woimba asanatulutse liwu, ndi chala chikusuntha pa nsambo. Pa nyimbo zolusa, wa reverb umapatsa magitala thupi, kagulu ka anyamata asanu n'kumveka ngati chimvula chikubwera kuchokera kumapiri a Muchinga, ngakhale mawu a woimba amabwerera m'mbuyo. Wina akandifunsa kuti weniweni ndi uti, ndilibe poloza. Yonse iwiri idatuluka ku Zambia, yonse iwiri idagulidwa ndi anthu a pamgodi. Wosonkhanitsa amene amalumbirira "yoyambirira" ayambe wanena kuti akunena iti.

Chomwe chidandiwawa kwambiri chidali kuyerekeza youma yanga ndi youma yatsopano, pakuti pamenepo padalibe pobisala. Pa yatsopano, zitsulo za pa ng'oma zinkawala, "s" aliyense wa woimba ali mbee. Pa yanga zonsezo zidafufutika, ngati nsalu yochapidwa kambirimbiri. Chifukwa chake chili m'kamzere. Mawu a pamwamba amalembedwa ndi timakhota tating'onoting'ono m'makoma a kamzereko, ndipo ndi timeneti timayamba kuperesedwa singano ikakhala yolemera kapena yobuntha. Makina abwino a lero amakanikiza ndi magalamu awiri okha kapena kucheperapo. Gumbagumba ya malume inkaposa pamenepo kangapo, kuwonjezanso kandalama kaja. Loweruka lililonse losangalala linkachotsako kachidutswa. Choncho anthu akamati mbale yakale ili ndi mawu ofewa, osalasa khutu, nthawi zambiri amakhala akuyamikira chilonda. Ndikunena izi ndili wokonda kufewako.

Khutu lozolowera limasiyanitsa matenda a mbale. Kuthetheka kwa apa ndi apo ndi fumbi, ndipo kumachoka ndi madzi oyera, kadontho ka sopo ndi nsalu yofewa yoyenda motsata mizere. Madzi a mumtsinje ayi, ali ndi mchenga. Kugogoda kobwera kamodzi pa kuzungulira kulikonse ndi kukalika. Koma liwu likamasasa pamene woimba wakweza, ndiye kuti makoma adaperesedwa, ndipo matenda amenewo alibe mankhwala. M'bokosi la malume mudalinso mbale ziwiri zolemera, zosachedwa kusweka, za liwiro la 78, za nthawi ya galamafoni yopukusa ndi dzanja. Zimenezo si zapulasitiki. Adazipanga ndi utomoni wotchedwa shellac, umene umasungunuka ndi mowa waukali. Wozitsuka ndi sipiriti kapena kachasu amatsuka nyimbo yomwe.

Pali china chomwe si mlandu wa singano kapena wa zaka. Mbale yaikulu imazungulira ka 33 ndi kachigawo pa mphindi, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kunja, kumene bwalo ndi lalikulu, kamzere kamadutsa pansi pa singano pafupifupi masentimita 50 pa sekondi. Pafupi ndi pakati kamatsika kufika cha m'ma 20. Nyimbo yomaliza imapanikizidwa m'malo ochepa kuposa theka la yoyamba, n'chifukwa chake imamveka yothina ngakhale pa mbale yatsopano, ndipo amisiri odziwa ntchito amakonda kuika nyimbo yofatsa kumapeto kwa mbali. N'chifukwa chakenso timbale tating'ono ta 45, ta nyimbo imodzi mbali iliyonse, tinkalira mwamphamvu pa magule: tili ndi liwiro komanso malo okwanira. Besi nayo silembedwa yonse. Podula mbale amaitsitsa dala kuti singano isatuluke m'njira, n'kukweza mawu a pamwamba, ndipo makina olizira ndiwo amabwezera zonse m'malo mwake motsata muyezo wa RIAA umene makampani adagwirizana mu 1954. Ndiye kuti mbale payokha si nyimbo yathunthu. Imadikira makina, ndipo makina aliwonse amaimaliza mwa njira yawo. A malume ankaimaliza ndi dongo.

Sindikunena kuti chatsopano chilichonse chimaposa chakale. Mbale yodindidwanso imakoma malinga ndi kumene yatungidwa. Ngati tepi ya ku situdiyo ilipo ndipo idasungidwa bwino, mmisiri ali pachitsime. Ngati idatayika, amatenga mbale yakale yosamalidwa n'kuikopera, kenaka n'kuchotsa phokoso pa kompyuta, ndipo pamenepa dzanja lolemera limawononga. Ndidamverapo chimbale china chotere, choyeretsedwa mpaka ng'oma zidasanduka makatoni. Phokoso lidachoka limodzi ndi mpweya wa m'chipinda momwe anthuwo ankaimbira. Pamenepo ndingasankhe yakale yothetheka. Kulemera kwa mbale, magalamu 180 aja amalembedwa pa chikuto monyadira, kumathandiza kuti isapindike msanga, koma sikuwonjezera kanthu pa mawu. Ntchito yeniyeni idachitika kale, pa tepi ndi pa makina odulira.

Adabwerapo munthu wina wochokera ku malo ogona alendo a ku Mfuwe, atamva kuti kwa Malama kuli bokosi lotere. Adazigwira mwaulemu, m'mphepete mokha, akuziyang'ana pa kuwala, ndipo mtengo womwe adatchula pa 45,000 Volts udali wokwana matumba angapo a chimanga. Sindimuda. Anthu ngati iye ndi amene adachititsa kuti Jagari Chanda abwerere pa nsanja ali mkulu, ndi kuti WITCH ijambule chimbale chatsopano cha Zango, chotuluka mu 2023. Koma sadapemphe kuti amve ngakhale nyimbo imodzi. Ankawerenga manambala okanda pafupi ndi pakati pa mbale. Ndidamuuza kuti ndiganiza kaye, ndipo ndikuganizabe.

Ana a mlongo wanga adamudziwa Paul Ngozi kudzera kwa woimba Tyler, the Creator, amene mu 2024 adatenga kachigawo ka "Nizakupanga Ngozi" n'kukaika m'nyimbo yake ya "Noid". Amamvera pa foni. Ndilibe nayo mlandu foniyo. Nyimbo ya m'menemo ikalumikizidwa ku sipika yabwino imamveka yoyera kuposa mbale iliyonse ya m'bokosi langa. Vuto ndi kasipika kake, kosatha kukankha mpweya. Tsiku lina ndidapeza mtsikana wamkulu ataponya foni m'mphika wopanda kanthu kuti ilire mokweza, anzake atauzungulira. Palibe adamuphunzitsa.

Madzulo omwewo ndidatulutsa gumbagumba, yomwe tsopano imadya moto wa batire la sola, ndi singano yatsopano yochokera ku Lusaka, yosafuna kandalama. Mtsuko udakalipo, uli ndi mng'alu umodzi womatidwa. Ndidawalizira Africa kawiri: koyamba sipika ili pamphasa, kachiwiri ili pakamwa pa mtsuko. Akazi a malume adali pakhonde akusenda mtedza. Ulendo woyamba sadadzutse mutu. Ulendo wachiwiri, besi itangolowa, adaika lichero pansi.

"Imeneyo ndiye ya amalume anu," adatero. "Ibwezereni poyamba."