Paphiri Palinso Mabwana

Chilembo cha Chitchaina chotanthauza munthu wosafa, chomwe chimatchulidwa kuti xian, chili ndi mbali ziwiri: kumanzere kuli munthu, kumanja kuli phiri. Ndi chithunzi cha munthu amene wasiya mudzi, udindo ndi msonkho n'kukwera kumene mfumu ilibeko mawu. Pa liwu limeneli ndi pamene padachokera dzina la xianxia, nkhani za anthu ofunafuna moyo wosafa, zomwe masiku ano ambiri akuziwerenga pafoni ngati manhua, nkhani za zithunzi za ku China. Koma mnyamata wa m'nkhanizi akakwera phiri lija, chimene amakapeza ndi ofesi. Kuli mayeso olowera, zovala zosiyana malinga ndi udindo, malipiro a pamwezi, mabwana, ndi ana a mabwana. Ichi ndicho chimandikopa m'nkhanizi, ndipo ndicho chimandivutitsanso maganizo.

Pafupifupi zonse zimayamba ndi chipongwe. Mu Battle Through the Heavens, imene Tiancan Tudou adayamba kulemba mu 2009 isanajambulidwe, Xiao Yan adali mwana wodabwitsa, kenaka mphamvu zake zidaphwa kwa zaka zitatu popanda wodziwa chifukwa. Mtsikana amene adamutomera, Nalan Yanran, akubwera kudzathetsa chitomero pamaso pa bambo ake ndi akuluakulu a banja, ndipo awiriwa akupangana kuti adzamenyana pakatha zaka zitatu. Akatswiri angatsutse kuti bukuli si xianxia yeniyeni koma mbale wake wotchedwa xuanhuan. Nzoona, komabe chitomero chothetsedwacho chidabwerekedwa ndi alembi ambiri mwakuti lero chili ngati katundu wa aliyense. Yang Kai wa mu Martial Peak timamupeza ali ndi tsache m'manja, akusesa pabwalo la sukulu ya nkhondo. Han Li wa mu A Record of a Mortal's Journey to Immortality, imene Wang Yu adayamba mu 2008, ndi mwana wa alimi osauka, wopanda nkhope yokopa ndiponso wopanda luso lochititsa kaso.

Kenaka pamabwera chotola. Mu mphete imene mayi ake adamusiyira Xiao Yan muli mzimu wa Yao Lao, katswiri wa mankhwala, yemwenso ndi amene ankamuyamwa mphamvu zija. Han Li akutola kabotolo kobiriwira kamene madzi ake amakhwimitsa zitsamba za zaka mazana m'masiku ochepa. Nie Li wa mu Tales of Demons and Gods akufa n'kudzuka ali ndi zaka 13, akukumbukira zonse za moyo wake woyamba. Ambiri amanyoza zimenezi kuti ndi ulesi wa alembi. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene nkhanizi zimanena chilungamo. Pakamwa zimalalikira khama: khala m'phanga zaka khumi, pirira, usagone. Koma kayendedwe ka nkhani kamavomereza kuti mwana wa mlimi, ngakhale atalimbikira chotani, sangapitirire mwana wa banja lokhala ndi nkhokwe ya mankhwala, pokhapokha atatola chinthu chimene wina aliyense alibe. Chotsani kabotolo, Han Li akadafa ali wophunzira wamba amene dzina lake palibe akadalikumbuka.

Makwerero amene amakwerawo ali ndi mayina akale. Munthu amayamba ndi kukoka qi, mpweya wa moyo, n'kuusunga m'munsi mwa mchombo. Kenaka amamanga maziko, kenaka amaumba kambulu kagolide m'kati mwake, jindan, kenaka m'kambuluko mumabadwa khanda la mzimu, yuanying. Sitepe iliyonse imawonjezera zaka za moyo. Mawuwa adachokera ku chiphunzitso cha Dao, makamaka nthambi yotchedwa neidan, imene inkaona thupi la munthu ngati ng'anjo yosuliramo moyo. Nthambi inzake inkaphika mankhwala enieni kuchokera ku miyala monga cinnabar, momwe muli mercury, ndipo mafumu angapo a nthawi ya Tang adafa ndi mibulu yomwe ankayembekeza kuti iwapatsa moyo wosatha. Kale kwambiri zimenezi zisanachitike, Qin Shi Huang adatuma Xu Fu kunyanja ya kum'mawa kukafuna mankhwala a kusafa. Mfumuyo idafa mu 210 BC mankhwalawo asanafike.

Tsono taonani chimene chidatayika panjira. Ge Hong, amene adalemba Baopuzi cha m'ma 320, ankakhulupirira ndi mtima wonse mankhwala a miyala aja, komabe adaphunzitsa kuti mankhwala paokha sakwanira. Wofuna kukhala wosafa wa pansi pano ankayenera kuchita ntchito zabwino 300, wofuna kukwera kumwamba 1,200, ndipo akalakwa kamodzi atatsala pang'ono kumaliza, ankayambiranso. Kuwerengera kudalipo kale, tisanamizire alembi a lero. Kusiyana kwake n'kwakuti manhua sawerengera zabwino. Amawerengera miyala ya mzimu, yomwe ndi ndalama komanso chakudya cha mphamvu. N'chifukwa chake m'nkhani zambiri simulephera kupezeka tsiku la okushoni, pomwe mnyamata wathu, atadzibisa nkhope, amapikisana mtengo ndi mwana wa bwana, ndipo tonse timadziwa kuti akatuluka panja amudikirira panjira. Zhuangzi, atatumiziridwa nthumwi kuti akalandire udindo ku Chu, akuti adasankha kukhala ngati kamba wamoyo wokoka mchira m'matope kusiyana ndi chigoba cholemekezedwa m'nyumba ya mfumu. M'manhua kamba ameneyo akadaphedwa pa chaputala chachitatu, chigoba chake n'kugulitsidwa pa okushoni.

Mwana wa bwanayo ndiye injini ya nkhani. Amalowa m'nyumba yodyera, afuna tebulo la mnyamata wathu kapena mtsikana amene ali naye, amufunsa ngati akudziwa kuti bambo ake ndani. Amenyedwa. Abwera mkulu wake, amenyedwa. Abwera bambo, kenaka agogo, kenaka kholo limene lakhala likusinkhasinkha m'phanga zaka mazana asanu, lituluka kudzabwezera mdzukulu amene silinamuonepo. Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma akuluakulu a m'nkhanizi ndi parafini. Munthu wa zaka chikwi amapsa mtima ngati mnyamata wa pa siteji ya basi, ndipo palibe mlembi amene amaoneka kuti akudabwa nazo. Ngati zaka chikwi za kusinkhasinkha sizichotsa mkwiyo wa tebulo la m'nyumba yodyera, kodi phangalo linkagwira ntchito yanji?

Yankho lina lili m'thumba la mlembi. Qidian, komwe mabuku ambiriwa adayambira, idayamba mu 2003 kulipiritsa owerenga pa chaputala chilichonse, mtengo wake kutengera kuchuluka kwa zilembo. Mlembi amene akufuna kudya ayenera kutulutsa chaputala tsiku ndi tsiku, ndipo chilichonse chithe mosiya njala. Mzera wa adani, wina wamkulu kuposa mnzake, ndi njira yosavuta yodzazira masamba. Mnyamata akagonjetsa onse a m'dziko lake, mphezi za kumwamba zimamuyesa, akapulumuka amakwera kudziko lapamwamba, ndipo kumeneko amapeza kuti mphamvu zake n'zofanana ndi za mlonda wa pachipata. Ayambirenso. Buku la Martial Peak lidafika machaputala pafupifupi 6,000 mwa njira imeneyi. Ojambula nawo ali ndi chida chawo: nkhope za khamu. Theka la tsamba limapita kwa oonerera, maso ali tong'o, pakamwa pali yasa, akufunsana kuti zatheka bwanji. Nkhonya payokha si imene imagulitsidwa. Chimene owerenga akulipira ndi kuona amene ankaseka aja atasowa chonena.

Sindikunyoza njala imeneyi. China idasankha akuluakulu a boma kudzera m'mayeso kwa zaka zoposa chikwi, mpaka 1905, ndipo mu 2024 ophunzira oposa 13 miliyoni adalembetsa gaokao, mayeso olowera ku yunivesite. Si ngozi kuti Meng Hao wa mu I Shall Seal the Heavens timamupeza atangolephera kumene mayeso a boma. Wachinyamata amene wakhala moyo wake wonse akuikidwa pa nambala amalizindikira msanga dziko limene mwala woyezera umawala n'kulengeza pagulu kuti iwe ndiwe wachabe. Chimene ndimadandaula n'chakuti mkwiyo wonsewo sufika pa makwerero enieniwo. Mnyamata wotsache uja akakhala pamwamba, sathetsa lamulo loti wamphamvu ndiye wolondola, amangokhala wamphamvuyo. Amene akusesa bwalo tsopano ndi wina, ndipo sitiuzidwa dzina lake. Akazi ndiye zimawathera moipa: ambiri amalowa m'nkhani ngati mphotho ya sitepe yatsopano, n'kuiwalika mnyamata akasamukira dziko lina, ndipo palinso chizolowezi chonyansa chotcha mkazi ng'anjo, chiwiya choti mwamuna akokemo mphamvu. Nkhani zambiri zimachipereka kwa anthu oipa, inde, koma ojambula amachedwa pa zithunzizo nthawi yaitali kuposa imene kudzudzula kumafuna.

Alipo amene adapotoza chizolowezi. Mo Xiang Tong Xiu, mu Mo Dao Zu Shi ya mu 2015, adatenga kambulu kagolide kaja, chuma chimene wina aliyense amaphera anzake, n'kulemba za munthu amene adapereka kake mwakabisira kwa mbale wake womulera naye limodzi. Amene simunawerenge mundikhululukire. Kumeneko mabanja olemekezeka ndiwo amachita zoopsa, ndipo mphekesera imapha kuposa lupanga. Ena adasankha nthabwala: Li Changshou wa mu My Senior Brother Is Too Steady ndi wamantha mwadala, amabisa mphamvu zake, amatumiza zidole za pepala m'malo mwake, ndipo cholinga chake ndi kungokhala ndi moyo.

Koma gawo limene ndimaliyesa labwino kuposa onse lili m'buku lankhanza kwambiri, Renegade Immortal la Er Gen. Wang Lin, amene wapha anthu osawerengeka, akubisa mphamvu zake n'kukakhala m'tauni ya anthu wamba. Akutsegula kasitolo ka zosemasema. Kamnyamata ka pafupi, Da Niu, mwana wa wosula zitsulo, kazolowera kubwera kudzaonerera akusema, kumubweretsera vinyo wa kwawo. Zaka zikupita. Da Niu akukula, akukwatira, akubereka, ayamba kukalamba, ndipo Wang Lin akulola tsitsi lake kuchita imvi pamodzi ndi anansi ake. Palibe okushoni, palibe mwana wa bwana wofunika kumuwerengera. Kwa machaputala angapo nkhani ikufunsa funso limene mtundu wonsewu umalithawa: kodi kusafa n'chiyani kwa munthu amene onse omudziwa dzina adzafa? Owerenga ambiri amalikumbukira gawoli kuposa nkhondo zonse za m'bukulo. Komabe Wang Lin sadapite m'tauni muja chifukwa chotopa ndi makwerero. Adauzidwa kuti sangafike pa sitepe yotsatira asanamvetse moyo ndi imfa ya anthu wamba. Atazimvetsa, adatseka kasitolo kaja n'kukwera.