Khoma limene Kramnik anamanga ku London

Pa 8 Okutobala 2000, ku London, Garry Kasparov ndi Vladimir Kramnik anayamba kulimbirana ukatswiri wa chess wa dziko lonse. Masewero oyambawo anatha aliyense atasuntha ka 25. Anagwirana chanza, alepherana.

Kasparov anali ndi zoyera, ndipo anatsegula ndi njira yakale yotchedwa Ruy Lopez, momwe bishopu amapita pa b5 kukavutitsa hatchi ya mdani. Kramnik anayankha potulutsa hatchi yake ina pa f6. Yankho limeneli ndiye Berlin Defence. Pofika kusuntha kwachisanu ndi chitatu mafumukazi onse awiri anali atadyedwa kale, ndipo mfumu ya zakuda, imene inadya yokha pa d8, inataya mwayi wa castling, kuja kobisa mfumu pakona mothandizidwa ndi ruku.

Ukayang'ana bolodi pamenepa, zakuda zimamvetsa chisoni. Mfumu ili pambalambanda. Asilikali awiri, aja a patsogolo otchedwa pawn, asanjikizana pamzere umodzi wa c. Mbali inayo Kasparov ali ndi asilikali anayi pomwe mnzake ali ndi atatu, ndiye akungofuna kuwakankha mpaka mmodzi adutse.

Koma taonani manja a Kramnik. Mfumu anaiyendetsa pang'onopang'ono, kuchoka pa d8 kupita pa c8, kenako pa b7, kuseri kwa asilikali ake. Popeza mfumukazi ya Kasparov inali itachoka, panalibe woithamangitsa. Asilikali osanjikizana aja, amene amaoneka ngati chilema, ankatseka makomo.

Chimene chimandigometsa kwambiri ndi msilikali wa m'mphepete, wa pamzere wa h. Anamukankha kufika pa h5, kenako pa h4. Msilikali mmodzi yekhayu anatsekereza njira ya msilikali wa Kasparov wa pamzere wa g, amene akanathamangitsa hatchi ya Kramnik pa f5. Ruku nayo sinadikire kutulukira pakati monga mwa nthawi zonse. Inakwera m'mphepete momwemo n'kukaima pa h5. Hatchi inazungulira pa e7 ndi g6, n'kubwerera pa f5 pomwe inachokera. Apa zoyera zinasowa polowera.

Berlin inaseweredwa kanayi mumpikisanowo, ndipo kanayi konse analepherana. Kasparov sanapambane masewero ngakhale amodzi, ndipo Kramnik anatenga ukatswiri ndi mapointi 8½ kwa 6½.