Chilembo cha G ndi Mawu Akuti M'badwo

Olemba nkhani ndi otsatsa malonda akamafotokoza za lamya za m'manja m'Chichewa amalemba 3G, 4G kapena 5G, namasulira zonsezi ndi mawu amodzi akuti "intaneti yothamanga". Kumasulira kotere nkoperewera, chifukwa kukubisa tanthauzo la chilembo cha G, chimene chikuimira m'badwo.

M'badwo uliwonse unadza ndi ntchito yakeyake. Woyamba unkanyamula mawu okha. Wachiwiri, umene unayamba ku Finland m'chaka cha 1991, unawonjezera uthenga wolemba, ndipo ndiwo umene kampani ya TNM, yokhazikitsidwa mu 1995, inayamba nawo kuno ku Malawi. Wachitatu unayamba ku Japan mu 2001 ndipo unafalitsa intaneti pa lamya. Wachinayi, umene TNM inabweretsa mu 2016, unachititsa kuti kanema aoneke mosadukiza. Wachisanu TNM inayamba kuuyesa mu 2023.

Kusiya mawu akuti m'badwo kumataitsa anthu ndalama. Mlimi wa ku Golomoti, m'boma la Dedza, akagulitsa mbewu zake nafuna kugula lamya, ayenera kudziwa kuti zinthu zitatu zimafunika kugwirizana: nsanja ya netiweki, lamya ndi simu khadi. Lamya ya m'badwo wachiwiri singalandire netiweki ya m'badwo wachinayi ngakhale nsanja itakhala pakhomo pake. Mawu akuti "yothamanga" samuchenjeza za zimenezi. Koma m'badwo amaudziwa kale: agogo, makolo ndi ana amakhala mudzi umodzi, aliyense ndi mphamvu zake, monga momwe mibadwo ingapo ya netiweki imagwirira ntchito pa nsanja imodzi.

Kalembedwe nako kakufunika chisamaliro. Ena amalemba mbadwo, osaika kachizindikiro kolekanitsa m ndi b. Pamene m akutchulidwa payekha, kachizindikiroka nkofunika. Ndiko kamasiyanitsa m'bale, munthu wa pachibale, ndi mbale yodyera. Zambiri za m'badwo ndi mibadwo, umboni wakuti m ameneyu ndi mu wofupikitsidwa.

Motero akonzi ndi aphunzitsi alembe "m'badwo wachinayi wa netiweki" poyamba, ndipo 4G itsatire monga chidule chabe. Akatero, m'badwo wachisanu ndi chimodzi ukadzafika udzapeza dzina lake lili kale.