Nguzu wa pa TV na Nguzu wa pa foni

Mpali, seŵelo la Frank Sibbuku limene linayamba kuonetsedwa pa Zambezi Magic mu 2018, ni nkhani ya akazi. Nguzu, mlimi wolemela amene Monde Mutale amaseŵela, ali pakati monga mtengo wa pabwalo, koma moyo wa seŵelo uli mwa akazi ake: nsanje, misozi, kulimbilana cuma na tsogolo la ana, komanso kupilila kwa Junza, mkazi wamkulu. Munthu akaonelela magawo khumi motsatizana, mitala sangaikhumbile.

Vuto n'lakuti anyamata amene nimaphunzitsa ku Kabwata saonelela magawo khumi. Amaona tuzidutswa twa masekondi ocepa pa TikTok na pa Facebook, maka-maka malaiti akazima. Wodula tuzidutswa amasankha pamene Nguzu wakalipa, nyumba yonse n'kukhala zii. Zimene zimatsatila pambuyo pake amazisiya. Conco dzina la Nguzu lasanduka citamando. Mnyamata wa giledi 11 akakhala na atsikana aŵili, anzake amamuitana kuti "ba Nguzu", iye n'kumayenda pacifuwa pali patsogolo. Mnzanga amene aphunzitsa ku Woodlands, kumene makomo ambili ali na DStv, akuti n'cimodzimodzi: TV ili pabalaza, mwana ali kucipinda na foni yake.

Kodi opanga seŵeloli alibe mlandu? Ali nawo ndithu, ngakhale kuti ni wocepa. Anapatsa Nguzu zonse zimene kamela imakonda: famu, cuma, mawu othela. Mutale nayenso ni katswili, ndipo ukatswili wakewo umapangitsa munthu wovuta kukoma m'maso. Kuti umve kuŵaŵa kwa mkazi wa pamitala ufunika kukhala naye milungu ingapo. Mphamvu za mwamuna zimaoneka nthawi yomweyo, ndipo n'zimene zimakwana m'kadutswa.

Cimene cimanivutitsa maganizo n'cakuti ena mwa anawa agogo awo ni a ku Katete na ku Chadiza. Kumeneko, mwa mwambo wa Acewa, mwamuna anali kupita cikamwini: kukamanga nyumba kumudzi kwa mkazi, kulimila apongozi, ana n'kukhala mbumba ya amalume awo. Anali kumupima na khasu komanso ulemu. Sinikamba kuti zonse zinali bwino. Mkamwini anali mlendo moyo wake wonse, ndipo waulesi anali kupitikitsidwa na kamphasa kake kukhwapa. Koma umenewo ni umuna wina, wakwathu, wodzala na mikangano yokwanila seŵelo la magawo mazana. Mnyamata wa ku Chelstone angakuchulile akazi onse a Nguzu, kuyambila woyamba mpaka wothela. Ukamuuza liu lakuti cikamwini, amayamba wafunsa ngati ni Cinyanja.