Chiganizo chimodzi chogwira upo

Wogula geti kwa owotcherera zitsulo a m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, ku Kalingalinga, satengeka ndi maluwa a pamwamba. Amalikankha, n'kumvetsera ngati likukhula pansi, n'kuyang'ana pamene latsekera. Umu ndi mmene ine ndimawerengera ndime 394 ya Penal Code, buku la milandu ndi zilango lomwe ndi Chaputala 87 cha malamulo a Zambia. Ndimeyi ndi chiganizo chimodzi chokha, koma anachiwotcherera mwaluso moti chimagwira chinthu choterera ngati mlamba: mlandu wa anthu amene sanabe kanthu, anangopangana.

Tiyerekeze kuti anyamata anayi akhala pabenchi kuseri kwa kantemba ku Kanyama. Wina akuti, "Amayi a pa buthi ya mobile money aja, akamatseka chikwama amachisiya pampando." Wachiwiri akuti, "Ine ndidzawachedwetsa ndi za tokotaimu." Wachitatu akuti iye ndiye adzanyamule. Wachinayi akungoseka, maso ali pafoni. Kutacha kukugwa chimvula chija chimasandutsa njira za Kanyama mitsinje, amayiwo osatsegula n'komwe. Ngwee imodzi siinasowe. Koma kwa atatu aja mlandu unapalamulidwa dzulo, pamene anamvana zochita n'kugawana ntchito. Wachinayi alibe mlandu wa upo. Kumva si kupangana, ndipo ndimeyi imafuna munthu amene wagwirizana ndi mnzake, osati amene anangokhala pafupi.

Ku America anasankha njira ina. Ndime 371 ya Title 18, m'malamulo a boma lalikulu la dzikolo, imafuna kuti mmodzi mwa opanganawo achitepo kanthu kopititsa upo patsogolo, kaya kugula chingwe kaya kuimba foni, ndipo chilango chake sichipitirira zaka 5. Ya kuno siitchula sitepe yoteroyo. Wina anganene kuti yathu ndi yankhanza, ndipo sindingamutsutse msanga.

Koma taonani kumchira kwa chiganizocho, kumene ine ndimakukonda koposa. Wopangana kuchita mlandu waukulu angathe kukhala kundende zaka 7. Pomwepo wolemba akuwonjezera kuti ngati mlandu umene anapanganawo uli ndi chilango chochepera zaka 7, wopanganayo asalandire choposa chilango chimenecho. Kuba wamba, pa ndime 272, ndi zaka 5. Choncho anyamata a pabenchi aja sangapitirire zaka 5, chifukwa kukanakhala kupanda nzeru kuti wokonza kuba alangidwe kuposa wakubayo. Ndi kachitsulo kakang'ono kamene wowotcherera amaika pansi kuti geti lisapyole n'kuphwanya khoma. Munthu wosasamala akanakaiwala. Upo wofuna kupha munthu anaupatula n'kuuika pa ndime 219, ya zaka 14, chifukwa moyo sauyeza ndi muyeso wa chikwama.

Palinso loko wa makiyi awiri pakati pa chiganizo. Anthu akapangana ali ku Chawama kuti akachite kanthu ku Lilongwe kapena ku Lubumbashi, ndimeyi imawafika, pokhapokha ngati chinthucho chikanakhala mlandu waukulu kuno ndiponso ndi mlandu kumene akukachitirako. Makiyi awiri, onse atembenuke.

Luso limeneli silinabadwire ku Lusaka. Bukuli linayamba kugwira ntchito mu 1931, dziko lino likadali Northern Rhodesia, ndipo mizu yake imafika ku malamulo amene Sir Samuel Griffith analembera Queensland, ku Australia, omwe anakhazikitsidwa mu 1899. N'chifukwa chake loya wa ku Blantyre kapena Nairobi akatsegula buku lathu amaona ngati ali kwawo. Linabwera ndi atsamunda, inde, ndipo sindikuiwala ntchito zina zimene linawagwirira. Ndikungonena za kawotcheredwe.

Nanga mvula ikanapanda kugwa? Apa mpamene ndime 22 imalowerera, ndipo imeneyi imaluma. Anthu akapita limodzi kukachita choipa chimene anagwirizana, wina n'kuchita mlandu wina umene unali woyembekezeka kutuluka m'ulendowo, onse amatengedwa kuti achita. Wonyamula chikwama akasolola mpeni amayi aja atakana kusiya, nkhani yasanduka kulanda moopseza ndi chida, ndime 294, kumene chilango chimayambira zaka 15. Mnyamata wa tokotaimu uja, amene mpeniwo sanaugwire, akhoza kulowa momwemo. Mawu amene amupulumutse kapena kumumiza ndi amodzi: kodi mpeniwo unali woyembekezeka? Woweruza ayenera kufufuza zimene anapangana pabenchi, ndani ankadziwa kuti mnzake amayenda ndi chiyani m'thumba.

Vuto n'lakuti upo saulemba papepala. Kawirikawiri mboni ya boma imakhala mmodzi mwa opanganawo, munthu wofuna kupeputsa katundu wake posenzetsa anzake. Makhoti a Zambia amadzichenjeza okha pa umboni wotere, ndipo amafuna kanthu kena kouchirikiza asanamange munthu. Ndiye mudzamva loya wa mnyamata wachinayi uja akuimirira n'kufunsa mboni modekha, "Mwati analipo, tamva. Tsono tiuzeni, ntchito imene munamugawira inali yotani?"