Mwana wa mwini chigayo uja, tamupatsani dzina

Sabata ino tiyeni tikambirane za mpangankhani mmodzi amene tamugwiritsa ntchito mpaka watopa. Mukumudziwa ndithu. Ndi mwana uja wa bambo wolemera, mwini chigayo kapena maminibasi, amene amakhala kuseri kwa nyumba akudontha dovu, osalankhula. Mukangomuona m'ndime yoyamba mumadziwiratu kuti pampondachimera sing'anga adzaulula kuti bambo ake adamukhwimira. Nkhani zotere zadzaza pa Facebook, m'masewero a pa wailesi, ngakhale muno momwe.

Dandaulo langa loyamba ndi la kalembedwe. Mwana ameneyu simumupatsa dzina. Sakonda chilichonse, sakwiya, saseka, alibe mnzake. Ntchito yake n'kukhala umboni wa tchimo la bambo ake basi. Umenewu ndi ulesi, alembi anzanga. Mpangankhani woti mutha kumuchotsa n'kuikapo nsupa, nkhani osasintha, ndiye kuti simunamulembe.

Chachiwiri, nkhanizi zimanama. Mwana amatha kuchedwa kulankhula, kuyenda kapena kugwira zinthu m'mutu chifukwa adabanika pobadwa, adadwala chikasu chachikulu ali wakhanda, kapena adabadwa ndi Down syndrome. Ena ndi malungo a mu ubongo. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre akhala akufufuza malungo amenewa kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo adapeza kuti ana ena opulumuka amatsala ndi khunyu kapena vuto pophunzira. Udzudzu, abale, osati chizimba.

Mwina mukuti, "Aaa, ndi nthano chabe." Bwerani kumsika mudzaone. Mayi akakhala ndi mwana wotere, geni yake n'kumayenda bwino, manong'onong'o amayamba. Makasitomala ena amalambalala benchi yake. Mwamuna adathawa kale, ati kumtundu kwawo kulibe zimenezi. Mapeto ake mayi amatsekera mwana m'nyumba kuti agulitse mwamtendere, ndipo mwana wobisidwa safika kusikelo kapena kusukulu. Bodzali sitidaliyambitse ndife olemba, koma tikulithirira.

Chikundiwawa kwambiri n'chakuti nkhani yeniyeni tikuisiya. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa anthu a zaka zisanu kupita m'tsogolo, 10.4 pa 100 alionse ali ndi ulumali. Lamulo loteteza ufulu wawo lidakhazikitsidwa mu 2012, lina latsopano mu 2024. Pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994. Papepala zonse zili bwino. Koma tikati ulumali, ambirife timaganiza za njinga, ndodo yoyera ndi chinenero cha manja. Mwana amene ulumali wake uli mu ubongo amakhala kumbuyo. Amabwereza Sitandade 1 kangapo m'kalasi la ana oposa 100, mphunzitsi mmodzi, mpaka makolo amuuza kuti azingokhala pakhomo.

Thandizo lilipo koma silifika ponseponse. Aphunzitsi a ana a ulumali amaphunzitsidwa ku Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, koma sukulu zambiri zakumudzi zilibe ngakhale mmodzi. A St John of God amathandiza ana otere ku Mzuzu. Makolo ali ndi bungwe lawo la PODCAM. Nanga mayi wa ku Chitipa kapena ku Nsanje, amene ndalama ya thiransipoti ndi yomweyo ya ufa? Ufulu ndi umodzi, koma wina umamupeza pafupi, wina ayenera kuukwerera basi.

Apa ndiye pali nkhani. Lembani za mayi wobereka mwana wa zaka 9 kumsana, pamzere wa kuchipatala. Lembani za mphunzitsi amene akufuna kuthandiza koma sadziwa poyambira. Lembani za mtsikana amene wachitidwa nkhanza, koma akafotokoza anthu amati mutu wake sugwira. Lembaninso za mnyamata wa Down syndrome amene amasankha nyemba pabenchi ya amayi ake, wokonda Bullets, wokwiya ikagonja.

Sindikuti musiye kulemba za ufiti, ayi. Anthu amakhulupirira, ndipo mlembi ali ndi ufulu wolemba zimene anthu amakhulupirira. Koma nkhani isamagwirizane ndi mphekesera nthawi zonse. Tsiku lina sing'anga alakwitse, ndipo awerengi aone zimene bodza lake lachita pakhomopo.

Akuluakulu adati lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza. Musanatumize nkhani yanu yotsatira, iwerengeninso ngati kuti mayi wa mwana wotere ali m'gulu lino. Alimo, ndipo amawerenga.