Funso likafewa, malikisi amakwera okha

Malipoti ambiri a maphunziro a alangizi a zaumoyo ndi mavolontiya amatha ndi chiganizo chimodzimodzi: ophunzira anakhoza bwino chaka chino kuposa chaka chatha, choncho chidziwitso chakwera. Ine chiganizo chimenechi sindimachikhulupirira msanga, makamaka ngati pepala la mafunso lakhala lomwelo kwa zaka zambiri.

Mawu a funso angakhale osasintha, koma kulimba kwake kumasintha. Tengani funso lomwe lili mu kafukufuku wa MDHS, yemwe amachitidwa ndi National Statistical Office ya ku Zomba: kodi munthu wooneka wathanzi angakhale ndi kachilombo ka HIV? Pomwe kafukufuku wa 2004 ankachitika, boma linali litangoyamba kumene kupereka ma ARV aulere. Anthu ankadziwa Edzi ndi kuwonda, mpaka kumaitcha kaliwondewonde. Woyankha molondola nthawi imeneyo anali ataphunzitsidwadi. Pofika kafukufuku wa 2015-16, mayi wa ku Migowi kapena ku Chiringa anali ndi mnansi wonenepa bwino, wolima munda wake wa nandolo, yemwe amakatenga mankhwala kuchipatala. Funso lija analidziwa ndi maso. Zimenezi n'zabwino ndithu, koma sizikutiuza ngati mayiyo akudziwanso kuti udzudzu sufalitsa HIV. Tikaphatikiza mayankho onse n'kupanga nambala imodzi, funso lofewalo limakweza anzake.

Mafunso ena amasintha chifukwa yankho lenilenilo lasintha. Mankhwala oyamba a malungo m'Malawi anali chloroquine, mu 1993 anakhala SP, ndipo mu 2007 anakhala LA. Pepala losakonzedwa lingalepheretse amene akudziwa zatsopano, n'kukhozetsa amene anatsalira.

Koma vuto lomwe ndaliona kwambiri kuno ku Phalombe ndi la kubwereza. Namondwe wa Freddy atadutsa mu March 2023, kolera ili mkati, mabungwe ambiri anaphunzitsa anthu omwewo za klorini ndi thanzi ORS. Pa maphunziro ena omwe ndinathandiza kuchonga, bambo wina wachikulire anamaliza mayeso oyambirira ena asanafike pakati. Nditamufunsa anaseka, nati pepalalo akulilemba kachitatu. Tsiku lotsatira anasokoneza muyeso wa madzi posungunula ORS. Sindikumunena iyeyo, iye anachita zomwe tinamupempha.

Njira yodziwira funso lomwe lasintha si yachilendo kwa ife a zaumoyo. Nathan Mantel ndi William Haenszel anaifalitsa mu 1959 pofufuza zoyambitsa matenda, ndipo akatswiri a mayeso ku America anadzaibwereka m'zaka za m'ma 1980. Mumagawa olemba mayeso m'magulu malinga ndi malikisi awo onse, kenako mumayerekeza a chaka chino ndi a chaka chakale omwe ali pagulu limodzi. Tinene kuti mwa anthu apakatikati, theka linkakhoza funso lachisanu kale, koma lero pafupifupi onse akulikhoza pomwe mafunso ena sanasunthe. Pamenepo chasintha ndi funsolo, osati anthuwo. Kompyuta imathandiza, komabe ngakhale kaundula wolembedwa pamanja angakwanitse.

Cholepheretsa n'chakuti ambiri timangosunga malikisi onse a munthu, mapepala enieniwo n'kuwataya kapena kuwasiya m'katoni mpaka chiswe chitawadya. Popanda yankho la funso lililonse palokha, palibe chomwe mungayerekeze. N'chifukwa chake lipoti lonena kuti ophunzira achoka pa malikisi akuti kufika pa akuti, osaonetsa funso ndi funso, ndimaliwerenga ngati losatha.

Kwa otsogolera maphunziro pempho langa ndi laling'ono. Lembani mayankho a funso lililonse m'kaundula pamodzi ndi tsiku. Siyani mafunso ochepa osasintha oti muziyerekezera, enawo muzisintha. Funsaninso aliyense ngati pepalalo analionapo kale, ndipo pa nkhani ngati ya ORS mupatseni botolo ndi paketi asungunule inu mukuona.